Mzere Wofiira pa Tsamba Lachisanu

1. Mawu amene a Tarjányi ankadana nawo

Kuno ku Szeged, masamba akayamba kuyoyoka kumapeto kwa Okutobala, ophunzira masamu a pa yunivesite amasiya kupesa. Ukaona zimenezo ungodziwa kuti mpikisano wa masiku khumi wafika.

Malamulo ake ndi ochepa. Mafunso khumi ndi awiri amatuluka Lachisanu masana. Ukhoza kutsegula buku lililonse la mu laibulale, koma osafunsa munthu, ngakhale mnzako wogona naye chipinda chimodzi. Pakatha masiku khumi, Lolemba 12 koloko masana, umapereka zimene walemba.

Mlendo akamva kuti mabuku ndi ololedwa amati zaphweka. Amaloledwa chifukwa mayankho mulibe m'menemo! Wosova mafunso atatu amayenda monyang'wa chaka chonse. Ine chaka chimenecho ndinasova limodzi ndi theka, ndipo musandiseke.

Ine ndine Villő. Mnzanga wa m'chipinda anali Dobozi Kinga, wa chaka chachiwiri, mwana wa mlimi wa anyezi wa ku Makó. Anali wosakonda zoyankhulayankhula, koma akagwira funso sankalisiya.

Chaka chimenecho Kinga ankafuna chinthu chimodzi. Yunivesite yathu inkatumiza ophunzira anayi ku mpikisano wa mayiko ku Bulgaria mu Julayi. Malo atatu anali atatengedwa kale ndi akuluakulu a chaka chachinayi. Otsalawo ankalimbirana anthu awiri: Kinga ndi Bereczki Zalán wa chaka chachitatu, mnyamata wanzeru ndithu, koma wodziwa kwambiri kuti ndi wanzeru.

Wosankha anali a Tarjányi, aphunzitsi amene ankatikonzekeretsa Lachinayi lililonse. Anali achikulire, jekete lawo loyera ndi fumbi la choko. Kutatsala tsiku limodzi kuti mafunso atuluke, anatiuza kuti aliyense adzawapatse kope la mapepala ake, ndipo malo achinayi adzapita kwa amene walemba bwino. Kenako anakhala pamwamba pa tebulo, ife n'kudziwa kuti ulaliki wayamba.

"Ana inu, tamverani, sindibwerezanso," anatero. "Mapepala a mpikisano uno ndawawerenga zaka makumi atatu. Wolephera sandikwiyitsa ayi. Kulephera ndi chakudya chathu, ine ndimalephera m'mawa uliwonse ndisanamwe khofi. Chondikwiyitsa ndi mawu amodzi: *n'zoonekeratu*. Munthu wafika pamtsinje, mlatho palibe, iye n'kulemba kuti n'zoonekeratu kuti tawoloka. Tawoloka pati? Chinthu chikakhala choonekeratudi, chilembeni, mizere iwiri ikwana. Mukaona kuti mizere iwiri ikukana, dziwani kuti sichoonekeratu. Pa masamu sitikhulupirira munthu chifukwa cha nkhope yake, kapena chifukwa dzulo ananena zoona. Timamukhulupirira chifukwa waonetsa phazi lililonse limene waponda. Mawa wina adzamanga ntchito yake pamwamba pa yanu. Mukabisa dzenje, wogweramo si inu."

Zalán anayasamula mokweza.

2. Anayi kwa anayi

Masiku khumi amenewo m'chipinda chathu munali zii. Tinatembenuza matebulo kuti tipatsane misana. Tinkakambirana za nyengo, za sopo, za nsapato zonyowa, koma masamu ayi. Kinga akausa moyo, ine ndinkangoyang'ana khoma.

Chimodzi chokha n'chimene lamulo silinaletse: kudzitama. Lachisanu la sabata yachiwiri Zalán anatipeza m'chipinda chodyera, tikumwa supu.

"Eee, mayi a anyezi! Muli moyo?" anatero, akukoka mpando osapemphedwa. "Ndimayesa mwabwerera kumunda. Mwasova angati?"

"Iwe wasova angati?" anafunsa Kinga.

Zalán anatambasula zala zinayi pamwamba pa mbale yake. "Ndipo limodzi ndi lachisanu ndi chiwiri, lija likuliza anyamata a chaka chachinayi."

"Anayi," anatero Kinga, osakweza mutu. "Lachisanu ndi chiwiri lilimo."

Supuni ya Zalán inaima m'malere. "Ukunama!"

"Dikira Lolemba."

Ine ndinaseka mpaka kutsamwa. Funso lachisanu ndi chiwiri linali la madontho omwazikana papepala ndi njira zowalumikizira. Ine ndinangoliwerenga kamodzi n'kulipepesa. Kinga anali atalimbana nalo masiku asanu, ndipo yankho lake linadzaza masamba asanu ndi anayi. Anali atangotsala kulikopera bwino.

3. Ku Makó

Loweruka linali tsiku la Oyera Onse, lomwe aliyense amapita kwawo kukayatsa makandulo kumanda. Kwathu n'kutali, choncho ndinakwera basi ndi Kinga kupita ku Makó, kumene kuli manda a mayi ake.

Bambo ake, a Dobozi, anali munthu wamkulu thupi, mawu ngati a wogulitsa pamsika, pakuti analidi wogulitsa pamsika. Tinawapeza akusankha anyezi pakhonde. Kinga anakhala patebulo la kukhitchini n'kuyamba kukopera yankho lake, ine ndikuthandiza kusenda mbatata chakumbali.

Cholembera chinayenda bwino tsamba loyamba, lachiwiri, mpaka lachinayi. Pa lachisanu chinaima.

Ndinaona Kinga akubwerera m'mbuyo, n'kubweranso. Anatenga pepala lina n'kulembalemba. Nkhope yake inasintha, ndipo mantha anandigwira ine amene.

"Villő, tuluka," anatero. "Ndikufuna kuyankhula mokweza, ndipo iwe suyenera kumva."

Ndinatuluka n'kukaima kuseri kwa nyumba. Zimene Kinga anaona anandiuza mpikisano utatha. Pa tsamba lachisanu anali atagawa ndi nambala ina, osatsimikiza kuti nambalayo si ziro. Ngakhale mwana wa pulayimale amadziwa kuti sitigawa ndi ziro. Masamba anayi otsatira onse ankadalira mzere umenewo.

Mawu a Kinga ndinkangowamva apa ndi apo. Koma a bambo ake ankamveka mpaka kumsewu.

"Ndiye ukuti ukalemba mawu amodziwo akuti *n'zoonekeratu*, aphunzitsi sadzaona?"

"Mwina sadzaona, adadi. Mapepala ndi ambiri. Ndikaulula, ndatsala ndi atatu, Zalán ali ndi anayi. Basi, Bulgaria yapita."

Ndinamva mpando ukulira, a Dobozi akukhala.

"Mwanawe, ine masamu ako sindiwadziwa, ndinalekezera pa kuchulukitsa. Ngakhale lamulo likanalola, sindikanakuthandiza. Koma za kubisa ndikuzidziwa bwino, ndipo sindinakuuzepo. Chaka chija matalala anawononga munda, iwe uli wamng'ono, ndinali ndi anyezi woyamba kufewa. Mnzanga wina anati, ika pakati pa thumba, pamwamba uyale wabwino, wogula safika pakati. Ndinachitadi. Wogula sanaone. Ndinabwera kunyumba ndikuimba mluzu, ndikudziona wochenjera. Patapita masabata atatu thumba lonse linawola m'nyumba ya mayi wina wophika zakudya ku Szeged, mayi amene ankagula kwa ine zaka zisanu ndi ziwiri. Sanabwere kudzandikalipira. Bola akanabwera! Anangosiya. Mpaka lero akandiona pamsika amadutsa mbali ina, ndipo papita zaka khumi ndi zisanu."

"Adadi, ndi mzere umodzi wokha."

"Nayenso anyezi uja sanali wambiri. Tamvera, ndiwe wamkulu, usankha wekha. Ukapita ku Bulgaria ndi thumba lotero, ndidzakunyamulira chikwama mpaka pasiteshoni, pakuti ndiwe mwana wanga. Koma iwe udzadziwa zimene zili pakati, ndipo udzayenda nazo kulikonse. Zimenezo n'zolemera kuposa chikwama."

Masana tinapita kumanda, tinayala maluwa, tinayatsa makandulo. Ulendo wonse wobwerera pa basi Kinga anangoyang'ana pawindo.

4. Cholembera chofiira

Lamulungu lonse Kinga analimbana ndi dzenje lija. Chakudya ndinachita kumuikira pamphuno. Dzuwa likupendeka anaponya cholembera pansi, ndipo ndinadziwa kuti zakanika.

Lolemba m'mawa, kutatsala maola awiri, anatembenuza mpando wake koyamba m'masiku khumi.

"Villő, uli ndi cholembera chofiira?"

Ndinamupatsa. Analemba kanthawi kochepa, anapanga kope la a Tarjányi, anamata envelopu, ndipo tinathamanga kukapereka. Belu la 12 koloko litalira, pakamwa pathu panamasuka. Tili pamasitepe anandionetsa kope lija. Pa tsamba lachisanu panali mzere wofiira kuchokera mbali ina mpaka ina, ndipo pansi pake panali mawu awa:

*Apa ndagawa ndi nambala imene sindinatsimikize kuti si ziro. Ndayesa, ndipo ndapeza kuti nthawi zina imakhaladi ziro. Chitsanzo chili kuseri. Zonse zotsatira zikudalira pamenepa, choncho yankho ili silinathe.*

Kunena zoona, ine ndinapsa mtima.

"Wapenga kodi? Wakadzinenera wekha kupolisi, n'kuwapatsanso unyolo! Bwanji osangosiya mmene zinalili? Akapeza, apeze okha. Ntchito yawo ndi imeneyo!"

"Ndinaona, Villő," anatero. "Ndikanapanda kuona, bwenzi ili nkhani ina."

Zalán anatulukira, akumwetulira mpaka m'makutu. "Anayi aja afika bwino, mayi a anyezi?"

"Atatu."

"Atatu? Limodzi lagwera m'basi?" Anaseka n'kumenya m'manja. "Pepani kwambiri. Musadandaule, ndidzakutumizirani chithunzi cha ku Bulgaria, mudzapachike kumunda chiziopseza mbalame."

Kinga anatsika masitepe. Kuchipinda analira, ndipo ine ndinalira naye, ngakhale ndinali ndikadakwiya.

M'mawa mwake ndinamupeza ali patebulo, tsamba lachisanu lili patsogolo pake.

"Iwe, maliro anatha dzulo. Ukufukulanso chiyani?"

"Likundiyabwa," anatero.

Ife tonse tinabwerera ku maphunziro, ena anakameta, ena anayamba kuchapa zovala za masabata awiri. Kinga akaweruka m'kalasi ankabwerera pa tsamba lomwe lija, lomwe silikanamupatsanso malikisi ngakhale amodzi. Ndinamutchula mayina ambiri sabata imeneyo, ndipo lero ndimachita nawo manyazi.

5. Pa bolodi

A Tarjányi anatenga masiku khumi akuwerenga. Lachinayi lolengeza, m'kalasi munadzaza, ngakhale amene sankabwera masiku onse. Pakona pa bolodi panali mayina atatu a akuluakulu aja, ndipo pansi pake panali nambala 4 yopanda dzina.

A Tarjányi sanapereke moni. Analemba mzere umodzi wa masamu pakati pa bolodi, ndipo ndinamva Kinga akukoka mpweya.

"M'kalasi muno anthu awiri okha ndi amene anafika patali ndi funso lachisanu ndi chiwiri," anatero. "Anayenda njira zosiyana, koma onse anadzafika pamzere uwu. Bereczki!"

"Wawa, aphunzitsi."

"Iwe unalemba kuti n'zoonekeratu kuti nambala iyi si ziro. Ine ndakalamba, maso anafooka, sindikuona. Bwera udzandionetse. Mizere iwiri ikwana."

Zalán ananyamuka molimba mtima. Analemba mzere umodzi, anafufuta. Analembanso, anafufutanso. Patapita mphindi zisanu khosi lake linali litafiira. Patapita khumi choko chinathyoka m'manja mwake. Palibe anaseka, pakuti aliyense wa ife anali atalembapo mawu omwewo penapake.

"Zakwana," anatero a Tarjányi. "Ndikufunse chinthu chimodzi, mnyamata wanga. Dzenje ili unaliona usanapereke, kapena sunalione?"

Zalán anayang'ana nsapato zake.

"Ndinaliona, aphunzitsi."

"Zikomo ponena zoona. Wachedwa nazo masiku khumi, koma zikomo. Kakhale."

Kenako anatulutsa kope la Kinga, analikweza m'mwamba kuti tonse tione mzere wofiira, ndipo anawerenga mokweza mawu onse aja. Atafika pa "chitsanzo chili kuseri" anatembenuza pepalalo n'kukopera chitsanzocho pa bolodi. Nambala ija inatuluka ziro, poyera, pamaso pa aliyense.

"Mwaona? Chimene mnzathu anati n'choonekeratu si chovuta kutsimikiza chabe ayi. N'chabodza. Tsono Bereczki ali ndi mafunso atatu, Dobozi ali ndi atatu. Koma pepala la Dobozi ndikhoza kulipereka kwa munthu wina mawa, iye n'kudziwa poyambira. Zaka makumi atatu, mizere yofiira yotere ndaiona kanayi kokha." Anavula magalasi. "Dobozi, dzenje lija likadalipo?"

Kinga anaimirira.

"Ndikuganiza kuti ndinalikwirira dzulo, aphunzitsi."

"Ukuganiza?"

"Ndinalikwirira."

"Ukudziwa kuti ku mpikisano sadzakuwerengera? Envelopu inapita kalekale."

"Ndikudziwa."

"Nanga unavutikiranji?"

"Ndimafuna kudziwa ngati n'zoona."

A Tarjányi anamupatsa choko chatsopano n'kukakhala kumbuyo ngati mwana wa sukulu.

Kinga anagawa bolodi pawiri. Kumanzere analemba kuti nambala ija ikakhala kuti si ziro, njira yakale ikugwira. Kumanja anayamba njira yatsopano ya pamene ili ziro. Poyamba ankayankhula ndi bolodi, ife tikungoona msana. Pang'onopang'ono anatembenuka, mawu anakwera, dzanja linayamba kuthamanga. Anadzaza bolodi, anafufuta, anadzazanso.

Pakati pa ulendo Zalán anakweza dzanja. Ine ndinati, ayi, wayamba njiru.

"Pamenepo," anatero, akuloza. "Wadziwa bwanji kuti madontho awiriwo ndi osiyana?"

"Mzere wachitatu kuchokera pamwamba," anayankha Kinga, osatembenuka n'komwe. "Ndinawasankha osiyana dala."

Zalán anayang'ana, anawerenga ndi chala m'malere, kenako anatsitsa dzanja. "Asa," anatero chapansipansi. "Zoonadi."

Zinatenga mphindi makumi anayi. Kinga atalemba mzere womaliza anajambula kabokosi kakang'ono kosonyeza kuti umboni watha, n'kubwerera m'mbuyo. Siketi yake yakuda inali yoyera ndi fumbi.

A Tarjányi anawerenga kuchokera pamwamba mpaka pansi, milomo ikugwedera. Kenako anaimirira n'kuyamba kuwomba m'manja. Tonse tinalowerera, ndipo posakhalitsa manja onse anagwirizana kugunda kumodzi, phaa, phaa, phaa, monga timachitira kubwalo la zisudzo tikafuna kuti wosewera abwerenso. Akuluakulu a chaka chachinayi ankamenya matebulo. Ine ndinakuwa mpaka mawu anasasa. Zalán analowerera mochedwa, nkhope ili pansi, koma anawomba.

6. Nambala 4

A Tarjányi anakweza dzanja, phokoso linatha.

"Ine sindilemba," anatero, akuloza nambala 4 ija. "Dzanja langa silinagwire ntchito imeneyi. Lemba wekha."

Kinga anapita pakona. Choko chinali chitatsala kachidutswa kogwira ndi zikhadabo. Analemba pang'onopang'ono, zilembo zazikulu, pansi pa mayina a akuluakulu: DOBOZI KINGA. Atamaliza anapukuta maso ndi dzanja lomwe lija, ndipo nkhope yonse inayera ndi choko. Tinaseka tonse, iyenso anaseka, misozi ikutsika. Sindinaonepo munthu wokongola chotero.

Tikunyamula zikwama, a Tarjányi anagogoda patebulo.

"Anayi inu, musathamange. Loweruka lino 9 koloko m'mawa mukhale muno. Bereczki, nawenso ubwere, ndiwe wachisanu. Wina akadwala kapena akagona pa ntchito, malo ndi ako."

Zalán anadzutsa mutu.

"Musabweretse buku lililonse," anapitiriza. "Ku Bulgaria kulibe laibulale, kulibe zopita kwanu kukaganiza. Amakupatsa mafunso asanu, pepala loyera, ndi maola asanu."

"Maola asanu pa funso lililonse, aphunzitsi?" anafunsa Kinga.

"Pa onse asanu, mwanawe."

Kinga anayang'ana bolodi, pamene panali funso limodzi limene linamutengera pafupifupi masabata atatu. Kenako anayang'ana Zalán, amene m'kalasi monse ankadziwika kuti palibe womuposa liwiro. Zalán anali atayambanso kumwetulira.